Nyumba ya Khonsolo ya ku Sarajevo Inadzuka Popanda Mabuku Ake

M'mbali mwa mtsinje wa Miljacka, pamene msika wakale wa mzinda wa Sarajevo umathera, pali chinyumba cha mizeremizere yofiirira ndi yachikasu chimene eni dziko amachitcha Vijećnica. M'chinenero chawo dzinalo limangotanthauza nyumba ya khonsolo, ndipo polankhula limamveka ngati Viyechinitsa. Mlendo wofikapo lero amaona makoma osalala, mazenera okhota pamwamba ndi zokongoletsa zowala ngati kuti amisiri atsitsa makwerero dzulo lomweli. Akapanda kuima pa mwala wolembedwa umene uli pakhomo, sangadziwe kuti mu 1992 nyumbayi inasanduka chigoba chakuda chopanda denga, ndiponso kuti kuidzutsa kunatenga zaka 18.

Sarajevo ndi likulu la Bosnia ndi Herzegovina, dziko lamapiri la kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya. Pafupifupi theka la anthu ake ndi Asilamu, ndipo ena ambiri ndi Aserb a mpingo wa Orthodox ndi Acroat a mpingo wa Katolika. Ambiri a ife dzina la mzindawu tinalimvera pa wailesi m'masiku amene kuno mitima inali pa referendamu ya 1993, ndipo tinalidziwa ngati dzina la nkhondo basi. Mbiri ya nyumba imodziyi ndi yaitali kuposa nkhondoyo. Inayamba ngati nyumba ya olamulira achilendo, inadzakhala nyumba ya mabuku ya dziko lonse, inapsa, ndipo lero ndi malo a zoimbaimba, zionetsero ndi misonkhano ya khonsolo. Amene anatenga ntchito yoikonzanso anayenera kusankha kuti mwa miyoyo yonseyi aibwezere ku uti, ndipo kusankhako kunasiya ena panja.

Mzindawu unamera m'zaka za m'ma 1460 pansi pa ufumu wa Ottoman wa Aturuki, ndipo chimene chinaukuza ndi waqf, chuma chimene munthu amachipatula kuti chitumikire anthu mpaka kalekale. Wopereka wamkulu koposa anali bwanamkubwa Gazi Husrev-beg. Iye anamanga mzikiti waukulu cha m'ma 1531 ndi madrasa mu 1537, ndipo m'chikalata cha waqf yake analamula kuti ndalama zotsala pa ntchito yomanga madrasayo zigulire mabuku abwino. Laibulale imene inabadwa m'lamulo limeneli tikumana nayonso kutsogoloku. Ulamuliro wa Aturuki unakhala zaka zoposa 400, kufikira mu 1878 pamene maiko amphamvu a ku Ulaya, atakumana ku Berlin, anapereka Bosnia m'manja mwa ufumu wa Austria-Hungary. Msonkhano umenewu usasokonezedwe ndi wa 1884 umene unagawa Africa, ngakhale kuti mzinda ndi mchitidwe zinali zomwezo. Asilamu ambiri anasamukira ku madera amene anatsala m'manja mwa Aturuki, ndipo amene anakhalira anayang'ana olamulira atsopanowo ndi diso lokayika.

Boma la ku Vienna linafuna nyumba ya khonsolo yoonetsa mphamvu zake popanda kukwiyitsa eni mzinda. Mapulani oyamba analemba ndi Karel Pařík mu 1891, koma nduna yoyang'anira Bosnia, Benjamin Kállay, sanakhutire nawo, ndipo ntchito inapita kwa Alexander Wittek. Wittek anapita ku Cairo kukaphunzira nyumba za kumeneko, makamaka mzikiti ndi madrasa ya Sultan Hasan, nabwerera ndi mizere ya mitundu iwiri, makomo okhota ndi zojambula zolukanalukana. Anadwala namwalira mu 1894, ndipo ntchitoyo anaimaliza ndi Ćiril Iveković. Nyumbayo inatsegulidwa mu Epulo 1896. Maziko ake ali ndi ngodya zitatu, ndipo pakati pake pali bwalo lalitali la ngodya zisanu ndi imodzi, lozunguliridwa ndi makhonde osanjikizana ndi nsanamira za mwala, lophimbidwa ndi denga la magalasi amitundumitundu.

Tiyenera kunena chilungamo pa maonekedwe amenewa, chifukwa alendo ambiri amaganiza kuti akuona luso la Asilamu a ku Bosnia. Kuyenda mphindi zochepa kuchokera pa Vijećnica mumafika pa mzikiti wa Gazi Husrev-beg, ndipo kusiyana kwake nkoonekeratu: mwala wotuwa, denga lobulungira, nsanja ya azana yowonda ndi yosongoka ngati pensulo. Umenewo ndiwo mmangidwe umene eni mzinda anakula nawo. Zimene Wittek anaika pa nyumba ya khonsolo zinachokera ku Egypt ndi ku Andalus, ndipo zinali chithunzithunzi cha Chisilamu monga momwe mzungu wa ku Vienna ankachiganizira. Kállay ankafuna kuti Asilamu a ku Bosnia aleke kuyang'ana ku Istanbul, choncho chovala cha Chisilamu chosakhala cha Chituruki chinamuyenera bwino. Nyumba imene dziko lapansi linadzaililira ngati nkhope ya Sarajevo inabadwa ngati chida cha atsamunda.

Anthu a mumzindawo amasimba nkhani ya m'masiku omanga imene satopa nayo. Pamalo amene boma linasankha panali nyumba za anthu, ndipo mkulu wina anakana kugulitsa yake. Anamuonjezera ndalama, iye osagwedezeka. Potsiriza anavomera, koma anati nyumba yakeyo aiphwasule mosamala, aiolotse mtsinje njerwa imodziimodzi, akaimangenso tsidya linalo monga momwe inalili. Ufumu wonse uja unachita zimene nkhalambayo inafuna. Nyumbayo ilipo mpaka lero moyang'anana ndi Vijećnica, amaitcha Inat kuća, kutanthauza nyumba ya makani, ndipo anaisandutsa malo odyera.

Pa 28 Juni 1914 kunafika mlendo wamkulu, Franz Ferdinand, amene ankayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, pamodzi ndi mkazi wake Sophie. Ali m'njira, mnyamata wina anaponya bomba limene linaphonya galimoto yawo nkuvulaza a m'galimoto yotsatira. Atafika pa nyumba ya khonsolo, mfumu ya mzinda Fehim Čurčić anayamba kuwerenga mawu olandirira alendo amene anawakonzeratu, ngati kuti palibe chachitika, ndipo mlendoyo anamudula mawu mwaukali. Mwambo utatha awiriwo anatsika masitepe a pakhomo nakwera galimoto. Patangopita mphindi zochepa dalaivala anakhotera msewu wolakwika, ndipo Gavrilo Princip anawawombera onse awiri. Imfa imeneyo ndiyo inayatsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Moto wake unafika mpaka pa nyanja yathu. Mu Ogasiti chaka chomwecho sitima ya Angerezi ya Guendolen inapita ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku gombe la Tanzania, nkukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Mu Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira agogo athu zikwizikwi anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Mzinga wa Guendolen uja uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, kumene ana amaudutsa popita kusukulu.

Ufumu wa Austria-Hungary unatha, Bosnia inalowa m'dziko la Yugoslavia, nkhondo yachiwiri inadutsa, ndipo mu 1949 nyumbayo inaperekedwa kwa Laibulale ya Dziko ndi Yunivesite. Apa mpamene nyumba ya atsamunda ija inasanduka ya anthu. Kwa zaka 53 zoyambirira wolowamo anali khansala, kalaliki kapena munthu wa dandaulo. Kwa zaka 43 zotsatira wolowamo anali wophunzira aliyense, mwana wa mphunzitsi ngakhale wa mbusa wa nkhosa wochokera kumapiri, amene ankakwera masitepe a mwala aja ndi kope m'khwapa nkukhala tsiku lonse m'zipinda zimene kale munkakumana akuluakulu a mzinda. Madokotala, maloya ndi aphunzitsi ambiri a ku Bosnia anakonzekera mayeso awo m'menemo. M'mashelefu munali mabuku pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo oposa 150,000 mwa iwo anali osowa kapena olembedwa pamanja. Munalinso nyuzipepala ndi magazini zimene zinasindikizidwa mu Bosnia kuyambira m'zaka za m'ma 1800, komanso makalata ndi zolemba za alembi a mitundu yonse ya dzikolo, kuphatikizapo Ayuda. Zilembo za Chilatini, za Cyrillic, za Chiarabu ndi za Chihebri zinkagona pansi pa denga limodzi.

Yugoslavia itayamba kusweka, anthu a ku Bosnia anavotera ufulu wodzilamulira kumayambiriro a 1992. Atsogoleri a Aserb a ku Bosnia anakana, ndipo mu Epulo asilikali awo, mothandizidwa ndi zida za gulu lankhondo la Yugoslavia, anakhala pa mapiri ozungulira Sarajevo. Mzindawo uli m'chigwa ngati m'mbale, choncho wokhala paphiri ndi mzinga amaona msewu uliwonse. Kuzingidwako kunatenga masiku 1,425 ndipo kunapha anthu oposa 11,000. Tisafulumire kuiona nkhondoyi ngati ya mtundu wonse pa mtundu unzake. M'kati mwa mzinda munatsala Aserb ndi Acroat ambiri amene anavutika pamodzi ndi anansi awo, ndipo mmodzi wa akuluakulu a asilikali oteteza Sarajevo, Jovan Divjak, anali Mserb.

Mabuku anayamba kusakidwa msanga. Pa 17 Meyi 1992 mabomba oyatsa moto anagwera pa Oriental Institute, malo osungirako zolembedwa za maiko akum'mawa, ndipo mabuku 5,263 olembedwa pamanja m'Chiarabu, Chiperisiya, Chituruki ndi Chihebri anapsa pamodzi ndi zikalata zankhaninkhani za nthawi ya Aturuki, mwa izo kaundula wa malo ndi milandu ya m'makhoti a makadhi. Munalinso zolembedwa m'chinenero cha Chibosnia koma ndi zilembo za Chiarabu, monga momwe alembi a mafumu a kuno kunyanja ankalembera Chiswahili.

Usiku wa pa 25 Ogasiti mizinga inaloza pa Vijećnica. Mabomba anaboola denga nkuyatsa m'kati, ndipo bwalo lalitali lapakati lija linakoka moto ngati chumuni. Ozimitsa moto anafika, koma madzi m'mipope anali atadulidwa, ndipo asilikali a paphiri ankawombera aliyense woyandikira. Ogwira ntchito m'laibulale ndi anthu wamba anaima pamzere nkumapatsirana mabuku dzanja ndi dzanja kuwatulutsa panja. Mmodzi wa ogwira ntchitowo, Aida Buturović, wa zaka 32, anaphedwa akubwerera kunyumba. Moto unayaka masiku atatu. Okhala mumzindamo amakumbukira timapepala topsa tikugwa m'misewu ndi pa madenga, monga momwe timitsotso ta udzu timagwera pabwalo tchire likamapsa mu Okutobala, ndipo ena amati munthu akatola kamodzi ankatha kuona zilembo kwa kamphindi kasananyenyeke m'dzanja. Mwa mabuku 100 alionse, pafupifupi 90 anatha.

Laibulale siwombera munthu. Chifukwa choiotchera chimaoneka tikaika moto umenewu pambali pa zina zimene zinkachitika m'dzikomo. Mizikiti mazanamazana inagwetsedwa. Ku Banja Luka, kumene kunalibe kumenyana, mzikiti wa Ferhadija wa m'zaka za m'ma 1500 anauphulitsa mu Meyi 1993, miyala yake nkukaitaya kudzala. Matchalitchi a Katolika ndi a Orthodox nawonso anaonongedwa m'madera ena. Munthu wofuna kunena kuti mitundu iyi sinakhalepo pamodzi, kapena kuti anthu awa analibe malo pano, amavutitsidwa ndi mboni, ndipo mboni zosafa msanga ndi miyala ndi mapepala. Kaundula wa malo akapsa, wothamangitsidwa alibe chosonyeza pobwerera.

Laibulale ya waqf ya Gazi Husrev-beg inapulumuka chifukwa anthu ake sanadikire. Mkulu wake, Mustafa Jahić, pamodzi ndi anzake ochepa, mwa iwo mlonda wausiku wochokera ku Congo, ananyamula mabuku olembedwa pamanja pafupifupi 10,000 m'makatoni a nthochi nkumawasamutsa kuchoka pobisalira pena kupita pena, akuthamanga m'misewu imene zipolopolo zinkadutsa. M'makatoniwo munali kope la Ihya Ulum al-Din la Imam al-Ghazali lolembedwa cha m'ma 1105, mwini bukulo akadali moyo.

Amisiri asanafike, m'chigoba cha Vijećnica munali mutalowa kale anthu a zaluso. Vedran Smailović, woimba cello, chida cha zingwe chokhala ngati kaligo wamkulu, anali atadziwika kale chifukwa choimba masiku 22 pamalo pamene bomba linapha anthu oima pamzere wa buledi mu Meyi 1992. Iye anakakhala pa miyala yogumuka m'nyumba yopsayo atavala suti yake ya pa konsati, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Mu Juni 1994, mzinda ukadali wozingidwa, Zubin Mehta anatsogolera gulu la oimba la Sarajevo Philharmonic m'mabwinja omwewo poimba Requiem ya Mozart, nyimbo yolira akufa, ndipo maiko ambiri anaonera pa kanema. Mu 2004 katswiri wa zojambula Jannis Kounellis anatseka makomo a bwalo lapakati ndi milu ya zinthu, mwa izo mabuku ndi miyala. Tikudziwa kuti pa nkhani ya zida zoimbira mashehe athu amasiyana maganizo, ndipo pano si pamalo poweruza zimenezo. Chimene mbiri ikuonetsa nchakuti anthu amenewa analetsa dziko kuiwala nyumbayo, ndipo ndalama zoikonzera zinatsata m'mapazi mwawo.

Nkhondo inatha ndi pangano la ku Dayton kumapeto a 1995. Pofika 1996 nyumbayo inali itadutsa nyengo zinayi za chisanu popanda denga. Moto unali utang'amba nsanamira za mwala, ndipo madzi olowa m'ming'alumo ankaundana ndi kuzizira nkumaikulitsa chaka ndi chaka. Choncho ntchito yoyamba, imene inayamba chaka chimenecho ndi ndalama za boma la Austria, inali yongoletsa nyumba kugwa: kulimbitsa makoma ndi kukhoma denga. Mdzukulu wa ufumu umene unamanga nyumbayo ndiye anayamba kuthira ndalama. Zitatha izi kunakhala bata lalitali. Ntchito yachiwiri, yolipiridwa ndi European Union, inakonza nsanamira ndi makhonde a bwalo lapakati mpaka 2004, kenako kunakhalanso bata, mazenera ali otsekedwa ndi matabwa. Ndalama zinkabwera modontha kuchokera ku maiko ndi mizinda yosiyanasiyana. Spain inathandiza pa makoma akunja, ndipo gawo lalikulu koposa linachokera ku European Union.

Kumanga nyumba yatsopano nkwapafupi poyerekeza ndi kubweza yakale, chifukwa pa yakale mmisiri saloledwa kuganiza zake. Akatswiri anakafufuza mapulani m'nyumba zosungira zikalata ku Vienna ndi ku Zagreb, natolera zithunzi zakale za kunja ndi za m'kati. Tizidutswa ta pulasitala timene tinatsala pa makoma tinawauza mitundu ya utoto. Zojambula zolukanalukana zija anazibwereza pamanja, khoma ndi khoma, ndipo denga la magalasi analilumikizanso kachidutswa ndi kachidutswa. Matailosi okongoletsa kunja anapangidwanso ku fakitale ya Zsolnay ku Hungary, yomwe inapanga oyambawo zaka zoposa 100 m'mbuyomo.

Pa ntchito zotere akatswiri amagawanika pawiri. Ena amati zipsera zisiyidwe kuti mdzukulu adzaone yekha chimene chinachitika, monga momwe a ku Berlin anasiyira nsanja yogumuka ya tchalitchi cha Kaiser Wilhelm. Ena amati kusiya zipsera nkupatsa woononga mawu otsiriza. A ku Sarajevo anatsata njira yachiwiri, ndipo sitingawadzudzule, pakuti anthu amene akhala zaka 20 akudutsa pa bwinja ali ndi ufulu wofuna kuona nyumba yawo ili bwinobwino. Koma m'njira imeneyi munabisala chisankho china. Wofuna kubweza nyumba monga momwe inalili ayenera kutchula chaka, ndipo chaka chimene anasankha ndi 1896. Anabweza holo ya makhansala ndi zipinda za miyambo monga momwe Iveković anazisiyira. Zipinda zowerengera za 1992, ndi mashelefu ake ndi matebulo ake, sizinabwerere.

Pa 9 Meyi 2014 zitseko zinatsegulidwa. Smailović anaimbanso, ndipo khamu la anthu linaonera zithunzi zowala zimene ankaziponya pa makoma akunja. Makiyi anapita ku khonsolo ya mzinda. Laibulale ya Dziko inatsala kumene inathawira, m'nyumba zakale za asilikali zimene zinkatchedwa dzina la Marshal Tito, zomwe tsopano ndi malo a yunivesite.

Gwero la vutoli lili m'pangano lamtendere lomwe lija. Dayton inagawa Bosnia m'zigawo ziwiri zodzilamulira, ndipo boma lapakati linasiyidwa lofooka, lopanda unduna wa zachikhalidwe. Mabungwe 7 amene kale anali a dziko lonse, mwa iwo laibulaleyi ndi nyumba yaikulu yosungira zinthu zakale, anatsala ngati ana amasiye, popeza panalibe boma limene lamulo linalikakamiza kuwadyetsa. Atsogoleri amene safuna kuti pakhale Bosnia mmodzi safunanso kulipirira laibulale yotchedwa ya Bosnia yense. Nyumba ya zinthu zakale ija inatsekedwa mu 2012, pakhomo pake atakhomapo matabwa opingasa, nkudzatsegulidwa mu 2015. Laibulale yovutika kupeza ngakhale malipiro a antchito ake inalowa wopanda mphamvu m'mkangano wa umwini wa nyumba ndi khonsolo, ndipo mkanganowo watenga zaka.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Nyumbayo inamangidwa ngati ya mzinda, ndipo mzinda unayenda kukapempha ndalama zoikonzera. Nyumba yotere imadya magetsi, moto wotenthetsa m'nyengo yachisanu, alonda ndi okonza zoonongeka. Makonsati, zionetsero za zithunzi, maukwati ndi ndalama zolowera za alendo zimathandiza kulipira zonsezo, pamene chipinda chowerengera sichibweretsa khobidi. Nzoonanso kuti nyumba ya 1896 si malo abwino osungiramo mabuku mamiliyoni mwa njira zamakono. Mfundo ya laibulale ndi yaifupi. Pamene nyumbayo inkapsa inali laibulale, amene anaika moyo wawo pachiswe anatero chifukwa cha mabuku, ndipo chimene chinakhudza mitima ya maiko opereka ndalama chinali phulusa la mabuku.

Ife tikuona kuti mfundo yaifupiyo ndiyo yolemera, ngakhale sitikupeputsa zaluso, zimene zinasunga nyumbayi ili bwinja. Nkhani ili pa amene amalowa ndi mmene amalowera. Wa konsati amabwera madzulo atavala bwino, tikiti ili m'manja, ndipo pakatha maola awiri amatuluka. Wowerenga ankabwera m'mawa uliwonse ndi zovala zake za masiku onse, wosaitanidwa ndi munthu, nkukhala mpaka kutseka. Nyumba ikatchedwa ya anthu onse tiziiyesa pa tsiku wamba la pakati pa sabata, lopanda mlendo wolemekezeka. Kusiyanaku kunaoneka patangopita masabata 7 chitsegulireni, pa 28 Juni 2014, pokumbukira zaka 100 za imfa ya Franz Ferdinand. Gulu lotchuka la Vienna Philharmonic linaimba m'kati pamaso pa atsogoleri ndi oitanidwa, ndipo eni mzinda anaonera panja pa kanema wamkulu.

Atsogoleri a Aserb sanabwere ku mwambowo ndipo anachita wawo ku Višegrad. Chimodzi mwa zimene anadandaula nazo chinali mwala wa pakhomo uja, umene umanena kuti nyumbayo inaotchedwa ndi zigawenga za Chiserb ndi kuchenjeza wowerenga kuti asaiwale. Kwa amene anataya abale, mawuwo ndi choonadi chosafunika kuchiphimba. Ena, ngakhale pakati pa okonda Sarajevo, amati kutchula mtundu kumadetsanso Aserb amene anafera m'kati mwa mzinda pamodzi ndi anansi awo. Ife tikadakonda kuti mwalawo utchule gulu lankhondo ndi akuluakulu ake, pakuti mlandu ndi wa wochita. Khoti la ku The Hague linatero pamene linagamula kuti Stanislav Galić ndi Ratko Mladić akhale m'ndende moyo wonse pa milandu yophatikizapo kuzunza anthu a mu Sarajevo. Mu 2018 m'nyumba yomweyi munatsegulidwa malo ophunzirirapo za khotilo, kumene ana asukulu amatha kuona umboni ndi zigamulo zake.

Chaka chomwecho cha 2014, mu Januwale, laibulale ya Gazi Husrev-beg inalowa m'nyumba yake yatsopano pafupi ndi madrasa, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Qatar, ndipo mabuku a m'makatoni a nthochi aja anapeza mashelefu awo. Iyo inali ndi mwini wodziwika, bungwe la Asilamu a ku Bosnia, komanso chikalata cha waqf cha zaka pafupifupi 500 chonena ntchito yake. Laibulale ya Dziko yakhala ikudzazanso mashelefu ndi mphatso zochokera ku mayunivesite ndi malaibulale akunja. Mphatso zotere zimabweza buku limene linasindikizidwa kambirimbiri, koma pa limene linali limodzi lokha padziko, madzi akatayika saoleka. Pa zolembedwa pamanja, akatswiri atatu, András Riedlmayer wa ku Harvard, İrvin Schick ndi Amila Buturović, mchemwali wake wa Aida, anayamba kufunsa anzawo m'maiko osiyanasiyana ngati wina anajambulapo fotokope kapena filimu ya masamba ena pamene anachezera Sarajevo nkhondo isanayambe. Masamba ena anapezekadi m'mafailo a aphunzitsi a m'mayunivesite akutali, ndipo makope ake anatumizidwa ku Sarajevo.